Njira ya ku Yunivesite Iyambira pa Khomo la Kalasi Yoyamba

Nkhani yowerengera pamodzi ana ndi makolo

Ku Lunho, m'boma la Lago, m'mbali mwa nyanja ya Niassa, kuli ana ambiri. Ena amathamanga. Ena amayenda ndi ndodo. Ena amaona bwino. Ena saona. Ena amamva. Ena samva. Ena amaphunzira msanga. Ena amaphunzira pang'onopang'ono. Onsewa ndi ana. Onsewa ayenera kupita ku sukulu.

Koma sukulu zikatsegulidwa, si onse amene amapita. Kawirikawiri mwana wolumala amatsala pakhomo. Anzake akanyamula makope, iye amakhala pa khonde. Amalondera usipa pa thandala. Amaingitsa nkhuku pa cinangwa coyanika. Caka cimatha. Cina cimathanso. Mwanayo amakula wosadziwa kulemba dzina lake.

Zimenezi si zabwino. Mwana wolumala ali ndi ufulu wophunzira. Ufuluwo suthera pa kalasi yoyamba. Umafika mpaka ku yunivesite. Koma palibe amene amafika ku yunivesite asanalowe m'kalasi yoyamba. Akulu amati m'mera mpoyamba.

Yunivesite n'ciyani?

Yunivesite ndi sukulu yaikulu koposa zonse. Mwana amayamba kalasi yoyamba ali ndi zaka 6. Akapitiriza, amafika kalasi 12. Akakhoza mayeso, angathe kulowa m'yunivesite. Kumeneko anthu amaphunzira udokotala, uphunzitsi, zaulimi, zamalamulo ndi zomangamanga.

Yunivesite yakale koposa m'dziko la Moçambique ili ku Maputo. Inayamba m'caka ca 1962. Kuyambira 1976 imachedwa Universidade Eduardo Mondlane. Kucokera ku Niassa kukafika ku Maputo pa msewu ndi makilomita oposa 2000. Koma m'Niassa momwemo muli malo a maphunziro apamwamba. Ku Lichinga kuli nthambi ya Universidade Rovuma. Ku Unango, m'boma la Sanga, Universidade Lúrio imaphunzitsa zaulimi. Ku Cuamba kuli nthambi ya Universidade Católica. Kucokera ku Metangula kukafika ku Lichinga ndi makilomita ongopitirira 100. Si kutali kwenikweni. Komabe kwa mwana wolumala ulendowu umatalika, cifukwa pa njira pali zochinga zambiri.

Phunziro la bwato

Anthu a ku nyanja amadziwa cinthu cimodzi. Palibe munthu amene amayenda pa madzi ndi miyendo. Wamphamvu sayenda pa madzi. Mfumu siyenda pa madzi. Wopita ku Likoma amafuna bwato kapena ngalawa. Akakwera m'bwato, palibe amene amamuseka. Palibe amene amamunena waulesi. Onse amadziwa kuti vuto si munthuyo. Vuto ndi madzi amene ali pakati.

N'cimodzimodzi ndi mwana wolumala. Woyenda pa njinga ya olumala akafika pa masitepe, masitepewo ndiwo nyanja yake. Wosaona akapatsidwa buku la zilembo za inki, bukulo ndilo nyanja yake. Wosamva akakhala m'kalasi momwe mphunzitsi amalankhula ndi pakamwa pokha, mauwo ndiwo nyanja yake. Aliyense wa iwo afuna bwato lake. Bwatolo likapezeka, amawoloka ngati anzake.

Conco cithandizo ca wophunzira wolumala si mphatso ya cifundo. Ndi cida cogwirira nchito, monga nkhafi kwa msodzi, monga khasu kwa mlimi.

Mabwato asanu a ku yunivesite

Yunivesite yabwino iyenera kukhala ndi zinthu zisanu izi.

Coyamba ndi njira zotsetsereka pambali pa masitepe. Pa Cipwitikizi amati rampa. Makomo akhale aakulu kuti njinga ilowe. M'cimbudzi mukhale zogwirira. Ngati kalasi ili pamwamba pa nyumba yosanja, ndipo wophunzira sangathe kukwerako, phunzirolo licitikire pansi.

Caciwiri ndi mabuku a Braille. Braille ndi zilembo za timadontho totukuka pa pepala lolimba. Munthu amaziwerenga ndi nsonga za zala. Anazikonza ndi Louis Braille wa ku France, amene anabadwa mu 1809. Iye anavulala diso ali ndi zaka 3, ndipo pambuyo pake maso onse awiri analeka kuona. Pofika zaka 15 anali atakonza kale kalembedwe kake. Cilembo ciliconse cimapangidwa ndi timadontho tosapitirira 6. Masiku ano kulinso makompyuta amene amawerenga mokweza mau olembedwa.

Cacitatu ndi womasulira cinenero ca manja. Cinenero ca manja ndi cinenero ceniceni. Cili ndi mau ake ndi malamulo ake. Dziko la Moçambique lili ndi cake, cochedwa Língua de Sinais de Moçambique. Mwana wa ku Lunho amamvetsa bwino phunziro likaperekedwa m'Cinyanja. Momwemonso mwana wosamva amamvetsa bwino phunziro likaperekedwa ndi manja. Mu 2014 Universidade Eduardo Mondlane inayamba maphunziro a digiri ya cinenero cimeneci.

Cacinayi ndi mayeso acilungamo. Kuwerenga ndi zala kumatenga nthawi yaitali kuposa kuwerenga ndi maso. Amene dzanja lake limanjenjemera amalemba mocedwa. Otere apatsidwe nthawi yoonjezera. Mafunso akhale omwewo, osapeputsidwa. Kumeneku si kukondera. Mayeso amayesa zimene zili m'mutu, osati liwiro la dzanja.

Cacisanu ndi munthu womvera. Pakhale ofesi imene wophunzira wolumala angapiteko kukanena cosowa cake. Akuluakulu a yunivesite asamuganizire okha. Amfunse. Mwini wakeyo ndiye amadziwa pomwe njira imamuvuta.

Anthu awiri odziwika ku nyanja

Kufupi ndi Lunho kuli Messumba, misoni yakale ya mpingo wa Anglican. Mmodzi mwa amisoni oyamba pa gombe limeneli anali William Percival Johnson wa ku England. Mu 1884 anadwala maso kwambiri, naleka kuona. Madokotala anayesa kumciza, koma diso limodzi lokha ndilo linayambanso kuona pang'ono. Iye sanaleke nchito. Anabwerera ku nyanja, nakhalako zaka zina zoposa 40. Ankayendera midzi ndi masukulu pa sitima ndi pa bwato. Pamodzi ndi aphunzitsi a m'midzi ya ku nyanja anamasulira Baibulo m'Cinyanja ca ku gombe. Mu 1911 yunivesite ya Oxford inampatsa ulemu wa udokotala. Anamwalira mu 1928. Maso ake anali ofooka, koma anali atapita ku sukulu, ndipo anali ndi anthu omuthandiza. N'cifukwa cake nchito yake sinaime.

Ku Messumba komweko kunabadwa Brazão Mazula mu 1944. Anaphunzira kwambiri. Mu 1994 anatsogolera bungwe loyendetsa cisankho coyamba ca zipani zambiri. Kuyambira 1995 mpaka 2007 anali mtsogoleri wa Universidade Eduardo Mondlane. Nyumba yaikulu ya mabuku ya yunivesiteyo imachedwa ndi dzina lake. M'nyumba imeneyo muli cipinda ca Braille cothandizira ophunzira osaona.

Pamenepa pali funso. Nyumba ya mabukuyo ili ndi dzina la mwana wa ku Lago. Nanga mwana wosaona wa ku Lago adzalowamo bwanji, ngati lero ali pa khonde? Cipinda ca Braille ca ku Maputo sicingathandize mwana amene sanagwirepo cilembo ndi cala cake.

Kulumala si temberero

Makolo ena amabisa mwana wolumala cifukwa ca manyazi. Ena amaganiza kuti analodzedwa. Ena amanena kuti mai wake analakwa. Maganizo amenewa si oona, ndipo amapweteka banja.

Ana ena amabadwa olumala. Ena amalumala cifukwa ca matenda, monga malungo aakulu, cikuku ndi poliyo. Ena amavulala pa ngozi. Enanso analumala cifukwa ca nkhondo. Pa nkhondo yomenyera ufulu, imene inayamba mu 1964, ndi pa nkhondo imene inatha pa 4 Okutobala 1992, mabomba anakwiriridwa m'njira ndi m'minda. Dera la Lunho linavutika nawo kwambiri. Anthu ambiri m'dziko anaduka miyendo ndi manja. Mu 2015 boma linalengeza kuti malo onse odziwika a mabombawo ayeretsedwa. Koma anthu amene anavulala akali ndi moyo m'midzi. Ndi agogo, ndi amalume, ndi azakhali a ana a sukulu.

Kalembera wa mu 2017 anapeza anthu olumala 727,620 m'dziko lonse. Ndiko kuti pafupifupi anthu 3 pa anthu 100 alionse. Si anthu ocepa. Ndipo cakudza siciimba ng'oma. Munthu woyenda bwino lero angathe kuyenda ndi ndodo mawa. Njira yotsetsereka imene amangira mwana wolumala idzathandizanso nkhalamba, mai wapakati, ndi msodzi wothyoka mwendo.

Lamulo likuti ciyani?

Ufulu wa mwana wolumala unalembedwa m'malamulo. Lamulo lalikulu la dziko la mu 2004, pa ndime 37, limanena kuti nzika zolumala zili ndi ufulu wonse ngati nzika zina. Pa ndime 125 limapatsa boma nchito yoteteza anthu olumala ndi yokweza cinenero ca manja.

Mu 1998 Unduna wa Maphunziro unayamba nchito ya Escolas Inclusivas, ndiko kuti sukulu zolandira ana onse pamodzi. Mu 2008 boma linakhazikitsa lamulo lakuti nyumba zolowamo anthu onse zimangidwe moti olumala azitha kulowa. Mu 2012 dziko la Moçambique linalowa m'pangano la Mgwirizano wa Maiko Onse la ufulu wa anthu olumala. Lamulo la maphunziro la mu 2018 limati mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi 9. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lapadera loteteza ndi kukweza ufulu wa anthu olumala.

Malamulowa sanabwere okha. Anthu olumala eni ake anawamenyera. Anapanga mabungwe awo, monga ADEMO imene inayamba mu 1989, ACAMO ya anthu osaona, ndi ASUMO ya anthu osamva.

Malamulo ndi abwino. Koma lamulo lili pa pepala, pamene mwana ali pa khonde. Pepala silinyamula mwana kupita naye ku sukulu. Amamnyamula ndi anthu.

Zimene ena amanena

Ena amati ndalama palibe. Amati sukulu zambiri zilibe mabenci, ndipo ana ena amaphunzira pansi pa mtengo. Zimenezi n'zoona. Makina olembera Braille ndi odula. Aphunzitsi odziwa cinenero ca manja ndi ocepa. Zimenezi ndi nchito ya boma, ndipo makolo ali ndi ufulu wozipempha mosatopa. Koma zina sizifuna ndalama. Kukhazika mwana kutsogolo sikufuna ndalama. Kumuitana ndi dzina lake sikufuna ndalama. Kuthira dothi ndi miyala pa khomo la kalasi kufuna manja ndi makasu okha.

Ena amati mwana wolumala apite ku sukulu yapadera. Malo otere alipo. Ku Beira kuli sukulu ya osaona. Boma linamanganso malo atatu aakulu a maphunziro a ana onse, ku Gaza, ku Tete ndi ku Nampula. Malowa amagwira nchito yabwino. Koma ali kutali ndi Lunho, ndipo sangalandire ana onse. Mwana wa zaka 6 afuna mai wake, cinenero cake ndi anzake. N'kwabwino kuti ayambire pa sukulu ya m'mudzi mwake, ndipo akatswiri a ku malo aja athandize mphunzitsi wake.

Ena amati: kodi adzapindula ciyani? Funsoli liyenera kutembenuzidwa. Mwana wamiyendo yolimba akalephera sukulu, angathe kukoka khoka kapena kulima cinangwa. Mwana wolumala miyendo sangathe kupalasa bwato pa mphepo ya mwera. Cuma cake cili m'mutu. Conco iye ndiye afuna sukulu koposa onse. Kumsiya pakhomo ndiko kumlanda munda wake umodzi wokhawo. Makolo akadzakalamba, ndani adzamsunga? Koma akaphunzira, adzadzisunga yekha, ndipo adzasunganso ena.

Nchito ya aliyense

Mutu umodzi susenza denga. Nchitoyi ndi ya onse.

Makolo alembetse mwana m'kaundula wa kubadwa. Amlembetse ku sukulu akakwana zaka 6, pamodzi ndi anzake. Apite naye ku cipatala kuti akamuone maso, makutu ndi miyendo, cifukwa mavuto ena amacepa akapezeka msanga. Asaiwale katemera. Auze mphunzitsi zimene mwanayo amatha ndi zimene zimamuvuta.

Mphunzitsi akhazike kutsogolo mwana wosaona bwino ndi wosamva bwino. Polankhula ayang'ane ana, asalankhule atayang'ana bolodi. Alembe zilembo zazikulu. Zimene walemba azichulenso mokweza. Angathe kuumba zilembo ndi dongo kuti mwana wosaona azigwire. Angathe kuphunzitsa masamu ndi timiyala kapena nthanga. Mwana wacialubino akhale pa mthunzi, pafupi ndi bolodi, ndipo aloledwe kuvala cipewa.

Ana a kalasi yoyamba nawonso ali ndi nchito. Asaseke mnzawo. Asamuitane ndi dzina la kulumala kwake, cifukwa ali ndi dzina limene makolo ake anampatsa. Amuitane ku masewero. Njinga yake ikatitimira mu mcenga, amfunse kaye ngati afuna kukankhidwa. Ndodo yake si coseweretsa. Poyenda ndi mnzawo wosaona, asamukoke. Iye agwire mkono wawo, ayendere pamodzi. Aphunzire moni wa manja kuti mnzawo wosamva asakhale yekha.

Mfumu ndi komiti ya sukulu ayende khomo ndi khomo. Awerenge ana amene atsala pakhomo. Akonze njira ya ku sukulu pomwe pali mcenga wambiri. Nyengo ya mvula, mtsinje wa Lunho ndi timitsinje tina tikadzaza, apangane za anthu operekeza ana. Pomanga cimbudzi catsopano, khomo lake likhale lalikulu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Boma litumize mabuku a Braille, magalasi a maso, ndodo ndi njinga mpaka ku gombe, osati m'mizinda yokha. Lisalole sukulu yatsopano kumangidwa ndi masitepe okha.

Nayo yunivesite isakhale cete kudikira. Iphunzitse aphunzitsi Braille ndi cinenero ca manja, kuti akafika ku Lunho, ku Cóbuè kapena ku Maniamba, asadabwe kuona mwana wosamva m'kalasi. Ilengeze pa wailesi, m'Cinyanja, m'Ciyao ndi m'Cimakuwa, kuti ophunzira olumala ali ndi malo. Banja likamva kuti kumapeto kwa njira kuli khomo lotsegula, lidzalimba mtima kuyamba ulendo.

Mau otsiriza

Tsiku la 3 Disembala caka ciliconse ndi tsiku la anthu olumala pa dziko lonse lapansi. Pa tsikuli pamakhala nyimbo ndi zolankhula. Koma kwa mwana wa ku Lunho tsiku lalikulu koposa ndi lina. Ndi tsiku lolembetsa maina a kalasi yoyamba. Dzina lake likalembedwa, ulendo wayamba. Likapanda kulembedwa, njira zotsetsereka za ku Lichinga ndi mabuku a Braille a ku Maputo zidzadikira munthu amene sadzafika.

Dziko lifuna madokotala, aphunzitsi ndi oweruza milandu. Ena a iwo lero ali pa khonde, akulondera usipa. Sukulu ikatsegulidwa, pakhomo pasatsale mwana.

Mau atsopano

Yunivesite: sukulu yaikulu imene munthu amalowa atamaliza kalasi 12.

Ufulu: cinthu cimene munthu aliyense ayenera kukhala naco, ndipo palibe wololedwa kumlanda.

Braille: zilembo za timadontho zowerenga ndi zala.

Cinenero ca manja: kalankhulidwe ka anthu osamva, ka manja ndi nkhope.

Rampa: njira yotsetsereka yopanda masitepe.

Mafunso okambirana pakhomo ndi m'kalasi

1. Kodi munthu wopita ku Likoma amafuna ciyani kuti awoloke?

2. Kodi bwato la mwana wosaona n'ciyani? Nanga la mwana wosamva?

3. Kodi cilembo ca Braille cimakhala ndi timadontho tosapitirira tingati?

4. Kodi ana angathandize bwanji mnzawo woyenda pa njinga ya olumala?

5. Kodi pa sukulu ya m'mudzi pali malo ati amene mwana woyenda ndi ndodo sangathe kufika? Ndani angawakonze?

6. Kodi m'mudzi muli mwana wa zaka 6 amene sanalembetse ku sukulu? Nanga banja lake lingathandizidwe bwanji?